Keyala akavula yunifolomu: mbiri ya ulemu wa asilikali opuma ku Malawi

Mkulu wa asilikali akamapuma pa ntchito, m'maiko ambiri amene adatengera mwambo wa usilikali kwa Angerezi samangomugwira chanza. Amamukweza pa galimoto yopanda denga, n'kumangirira zingwe kutsogolo kwake, ndipo maofesala amene ankawalamula dzulo lomweli amaikoka ndi manja mpaka kukamutulutsa pa geti, bandi ikuimba. Ulemu umenewu ndi woyenera, koma umagwera anthu owerengeka. Asilikali ambiri amene dziko lino latulutsa kuyambira m'ma 1890 adatuluka pa geti ndi miyendo yawo, bokosi pamutu, bulangete pa phewa, m'thumba muli kabuku kosonyeza zaka zimene agwira ndi khalidwe lawo. Ambiri a iwo adakhala zaka makumi atatu kapena anayi kumudzi atasiya mfuti, ndipo zaka zimenezo adazitha akutumikirabe anthu. Tikamakamba zolemekeza msilikali wopuma, mbali imeneyi ya moyo wake ndiyo imaiwalika kawirikawiri.

Gulu la nkhondo la dziko lino lidayamba ndi ulamuliro wa atsamunda. Britain atalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwake, mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, adaitanitsa asilikali a Chisikhi kuchokera ku India, ndipo pambali pawo adayamba kulemba Atonga a ku Nkhata Bay, kenako Ayao, pambuyo pake Angoni ndi Alomwe. Ntchito yawo yoyamba idali yogonjetsa mafumu a kuno komwe. Ena mwa mafumuwo ankagulitsadi akapolo, monga Mlozi wa ku Karonga amene adagwidwa mu 1895. Ena mlandu wawo udali wokana kugonjera mlendo, monga Inkosi Gomani amene adaphedwa mu 1896. Zimenezi sitingazibise. Mu 1896 gululi lidatchedwa Central Africa Rifles, ndipo pa 1 Januwale 1902 lidalowa mu King's African Rifles, imene makolo athu ankangoti Keyala. Mabataliyoni awiri oyamba a Keyala adali a ku Nyasaland, ndipo chilankhulo cholamulira pa perete chidali Chinyanja, moti maofesala achingerezi ankayenera kuchiphunzira.

Anyamatawa adayenda kutali msanga. Mu 1899 ena adatumizidwa ku chilumba cha Mauritius, mu 1900 ena adakamenya nkhondo ya Ashanti ku dziko limene lero ndi Ghana, ndipo ambiri adakathera m'chipululu cha Somaliland polimbana ndi ankhondo a Mohammed Abdullah Hassan. Kumeneko, pa malo otchedwa Erego mu 1902, Alexander Cobbe adapata mendulo ya Victoria Cross, ndipo dzina lake ndi limene lili pa Cobbe Barracks ku Zomba mpaka lero. Chaka chotsatira, mu Epulo 1903, gulu la bataliyoni yachiwiri lidazingidwa pa Gumburu, zipolopolo zidawathera, ndipo ambiri adafera pomwepo. Dzina la mzungu mmodzi lidakhala pa chipata cha balaki, pamene akazi amasiye a ku Mangochi ndi ku Zomba adangomva kuti amuna awo sabweranso.

Nanga wobwerera wamoyo ankalandira chiyani? Penshoni ya mwezi ndi mwezi kunalibe kwa msilikali wakuda masiku amenewo. Ankamupatsa ndalama ya kamodzi malinga ndi zaka zimene wagwira, ndipo amene wakhalitsa ankamukhululukira msonkho. Tisachepse chinthu chimenechi. Msonkho ndi umene unkathamangitsa amuna kupita kukagwira thangata m'maesiteti a azungu kapena kuyenda wapansi kukafuna ntchito ku Halale ndi ku Joni. Munthu wosapereka msonkho adali mfulu pakati pa anzake, ndipo boma lidadziwa kuti mnyamata akamaona mkulu wotere m'mudzi, nayenso adzafuna kukalembetsa. Ulemuwo udali weniweni, komanso udali nyambo.

Mmene ulemuwo udaliri wosakhazikika zidaoneka mu 1911. Pofuna kuchepetsa ndalama, boma lidathetsa bataliyoni yachiwiri. Amuna odziwa mfuti, ena a zaka zambiri pa ntchito, adangouzidwa kuti azipita kwawo. Ambiri sadakhalitse kumudzi. Adaoloka mtsinje wa Songwe n'kukalembetsa usilikali kwa Ajeremani ku Neu Langenburg, kumene lero ndi Tukuyu ku Tanzania, chifukwa Ajeremani ankalipira bwino. Patangopita zaka zitatu, nkhondo itabuka, anthu amene adaphunzira perete pa bwalo limodzi ku Zomba adapezeka akuloza mfuti wina kwa mnzake.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse idafika kuno mofulumira. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen idakaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, lero Liuli, kutsidya kwa nyanja. Pa 9 Seputembala kudachitika nkhondo ya pa Karonga. Pasanathe miyezi itatu, m'busa John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kukumbutsa za magazi a anthu a kuno amene adakhetsedwa kale, n'kufunsa ngati pali chimene osauka amene akuitanidwa kukafa adzapindule nkhondo ikadzatha. Funso limenelo ndi limene latsata msilikali aliyense wa dziko lino pa tsiku lake lotuluka. Chilembwe ataukira mu Januwale 1915, ena mwa amene adatumidwa kukazimitsa kuukirako adali asilikali a Keyala omwewo amene iye ankawadandaulira.

Olemba mbiri amati amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland adamenya nkhondoyi ngati asilikali, ndipo pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya tengatenga, m'dziko limene anthu ake onse adali ongopitirira miliyoni imodzi. Tengatenga ankasenza katundu wolemera makilogalamu oposa 20, ufa, zipolopolo, mahema, kuchoka kunyanja kukwera mapiri a ku Tanganyika, kenako kutsatira mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, mpaka ku Mozambique. Ambiri adatengedwa mokakamiza. Mesenjala ankafika m'mudzi usiku, ndipo mfumu yolephera kupereka amuna inkaona zakuda. Kamwazi, chibayo ndi njala zidapha anthu ochuluka kuposa mfuti za chiwaya. Lettow-Vorbeck adagonja pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, ndipo amuna obwerera kwawo adafika pamodzi ndi mliri wa fuluwenza umene udapululanso midzi.

Aliyense amene adalowapo mu Zomba kuchokera ku Blantyre adachiona chipilala cha njerwa zofiira, chachitali, chokhala ndi wotchi pamwamba, pafupi ndi Cobbe Barracks. Chidamangidwa m'zaka za m'ma 1920 pokumbukira asilikali a Keyala amene adafa pa nkhondo imeneyi, ndipo m'mbali mwake muli maina oposa 1,000. Mukayandikira n'kuwerenga, mupeza maina achiyao, achitonga, achingoni, ena olembedwa mmene kalaliki wa ku balaki adawamvera. Ndi chinthu chamtengo wapatali kuti mainawo alipo, chifukwa m'madera ambiri a Africa asilikali akuda sadalembedwe ndi maina n'komwe. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomera lokha mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a ku Africa, sadakumbukiridwe ndi maina awo monga adachitira ndi azungu. Ambiri mwa oiwalikawo ndi a tengatenga. Iwo sadalandire chipilala cha maina, ndipo ambiri sadziwika ngakhale pamene adagona.

Pamene boma linkamanga ndi njerwa, midzi idakumbukira ndi miyendo. M'zaka zotsatira nkhondoyi magule otengera perete adafala dziko lonse: beni pakati pa Ayao, malipenga kwa Atonga ndi ku Karonga mpaka ku Likoma, mganda m'chigawo chapakati. Taonani gulu la malipenga likamalowa m'bwalo. Amuna avala makabudula ndi malaya oyera ochapidwa ndi kusitidwa mosamala, masokosi ofika m'mawondo, kampango m'dzanja, ena ndodo. Aima m'mizere yowongoka, ndipo phazi lililonse limatera nthawi imodzi ndi ng'oma yaikulu. Malipenga awo ndi zikho zouma, zoboola, zomata kukamwa kwake ndi kansalu koyera kamene kangaude amasungiramo mazira, ndipo munthu akaimbiramo mawu amatuluka onjenjemera ngati a bandi ya ku balaki. Gululo limatchedwa boma, ndipo lili ndi mfumu yake, maofesala ake, dokotala ndi namwino woyendera ovina kuona ngati ali aukhondo. Amene ankaphunzitsa anyamata kuponda motere poyamba adali asilikali opuma. Mudzi udawapatsa bwalo kuti aonetse zimene adaona kutali, ndipo iwo adaupatsa mudziwo chinthu chosonkhanitsa achinyamata, chokhala ndi malamulo, zopereka ndi maulendo okapikisana ndi midzi ina. Ine ndimaona kuti umenewu ndiwo ulemu waukulu umene asilikali a nkhondo yoyamba adalandira, chifukwa udawapeza ali moyo ndipo udawapatsa chochita.

Ntchito zina zidawatsata chifukwa cha kabuku kaja. Bwana DC akafuna mesenjala, polisi ikafuna kulemba anthu, esiteti ikafuna kapitawo kapena mlonda, ankayamba kuyang'ana munthu wa ku Keyala. Ena adalowa ufumu, ena adakhala nduna za mafumu, oweruza nawo milandu pa bwalo. Si onse adasiya mbiri yabwino. Mesenjala wotolera msonkho ankaopedwa, ndipo ena adabwera ndi ukali ndi mowa zimene mabanja awo adavutika nazo, pa nthawi imene panalibe wodziwa kuti nkhondo imavulazanso maganizo. Komabe m'midzi yambiri munthu woyamba kudziwa kumanga bala, kukumba chimbudzi chozama, kuwerenga kalata yochokera ku boma kapena kuyankhula ndi mzungu mosanjenjemera adali sajeni wopuma.

Nkhondo yachiwiri idatenganso amuna pafupifupi 30,000. Mu Julaye 1940 kagulu ka bataliyoni yoyamba kadalimbana ndi Mataliyana ochuluka pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo n'chifukwa chake balaki ya ku Mzuzu imatchedwa Moyale. Mwezi wotsatira bataliyoni yachiwiri idamenya pa Tug Argan ku Somaliland. Adakhala nawo pa nkhondo ya ku Ethiopia mpaka Gondar atagwa mu Novembala 1941, adapita ku Madagascar mu 1942, kenako adaoloka nyanja kupita ku Ceylon ndi ku Burma. Mu 1944 gulu la 11th East African Division lidatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, nthawi imene magulu ena ankaima kaye. Matope ankameza magalimoto, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege, misundu inkalowa m'nsapato, malungo ndi matenda a nthata ankagwetsa amuna tsiku ndi tsiku, ndipo Ajapani adali atakumba maenje pa zitunda. Pofika Disembala adali atafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin.

Nkhondo imeneyi idali ya makina, ndipo idabweza kumudzi anthu amaluso: madalaivala, amakanika, othandiza madokotala, odziwa wailesi ndi mawaya, ndi ambiri amene adaphunzira kuwerenga ndi kulemba ali ku usilikali. Ena adatsegula magolosale, ena adagula makina osokera, ena adayendetsa malole ndi mabasi a m'zaka za m'ma 1950. Koma ndalama yoyambira moyo watsopano idali yochepa, ndipo idagawidwa poyang'ana khungu. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani adazitulutsa poyera mu 2019 zidasonyeza kuti msilikali wamba wachizungu wa m'magulu a kum'mawa kwa Africa ankalandira mashereni 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashereni atatu ndi theka. Onse adagona m'matope amodzi a ku Kabaw.

Mabataliyoni a ku Nyasaland adatumizidwanso ku Malaya kuyambira mu 1952. Kenako lidadza tsiku lowawa kwambiri kuno kwathu. Pa 3 Malichi 1959, boma la chitaganya ndi la atsamunda litayamba kumanga atsogoleri a Nyasaland African Congress, anthu adasonkhana pa doko la Nkhata Bay kufuna abale awo amene adatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Asilikali achizungu a ku Rhodesia adaombera. Komiti ya Devlin, imene idafufuza nkhaniyi, idawerenga anthu 20 ofera pamenepo, ndipo anthu a kumeneko amati adaposa apo. Tsiku limenelo ndi limene timalikumbukira chaka chilichonse ngati la ofera dziko. Wolemekeza asilikali akale moona mtima ayenera kunyamula zonse ziwiri, Kabaw ndi Nkhata Bay, chifukwa konseko lamulo linkachokera kwa anthu amene sankafunsa maganizo a msilikali.

Pa 6 Julaye 1964 bataliyoni yoyamba ya Keyala idasanduka bataliyoni yoyamba ya Malawi Rifles, ndipo yachiwiri idatsalira ku Zambia. Mmalawi woyamba kutsogolera gulu lonse la nkhondo adali Graciano Matewere, kuyambira mu 1972 mpaka pamene adapuma mu 1980, ndipo adalowa m'malo mwake ndi Melvin Khanga. Kuchokera pamenepo utumiki wa msilikali udayamba kuoneka ndi maso a Amalawi eni ake. Kuyambira mu 1987 asilikali athu adalondera njanji ya ku Nacala mkati mwa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena adafera komweko, pa nthawi imene nkhani zotere sizinkalengezedwa pa wailesi. Mu Disembala 1993, a Payoniya atapha asilikali ku Mzuzu, gulu la nkhondo lidawalanda zida pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani, kenako lidabwerera ku balaki osakhudza mpando wa boma, ndipo chisankho cha 1994 chidachitika. Mu Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira, Jenerale Henry Odillo adaima pa malamulo a dziko ndipo mayi Joyce Banda adalumbira. M'maiko ambiri a Africa masiku ngati amenewo adathera m'manja mwa asilikali kwa zaka makumi. Kuno sizidatero, ndipo anthu amene adasankha kudziletsa masiku amenewo ambiri lero ndi opuma.

Pali ndi a ku Congo. Mu Novembala 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a ku Malawi adaphedwa pafupi ndi Beni ali pa ntchito ya United Nations. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, adaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mu Meyi 2019 adapatsidwa, atafa kale, mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu wapamwamba kwambiri umene bungweli limapereka kwa osungitsa mtendere. Pali ndi amene tidawaona akukumba m'matope ku Chilobwe ndi kuolotsa anthu ku Nsanje ndi ku Phalombe namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023.

Mwambo wa boma wokumbukira asilikali udakhazikika pa mwezi wa Novembala. Mtsogoleri wa dziko amagula duwa lofiira la popi kutsegulira sabata yosonkhetsa thandizo, ndipo Lamulungu lachiwiri la mweziwo anthu amasonkhana pa zipilala za ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Nthawi ikakwana 11 koloko lipenga limalira, anthu amakhala chete mphindi ziwiri, kenako nkhata za maluwa zimaikidwa motsatana. Kutsogolo kumakhala madala ovala majekete a mamendulo, ena pa njinga za olumala, ndipo amayesetsabe kukweza dzanja kuchitira sawasha. Ena mwa iwo akhala zaka zawo zomaliza ku Memorial Home ku Zomba, nyumba za asilikali okalamba zimene zili pafupi ndi balaki. Bungwe lawo, limene kwa nthawi yaitali linkadziwika kuti Commonwealth Ex-Services League of Malawi, lakhala likugwira ntchito ndi Royal Commonwealth Ex-Services League, bungwe limene lidayamba ku Cape Town mu 1921. Mu 2018 boma la Britain lidalengeza thandizo la mapaundi 11.8 miliyoni kudzera m'bungwe limeneli, loti asilikali akale ndi amasiye awo m'maiko a Commonwealth azidya kawiri pa tsiku. Thandizolo lidathandizadi. Koma taganizani: patapita zaka 73 nkhondo itatha, chimene chinkasowa pakhomo pa munthu amene adamenya ku Burma chidali nsima yamadzulo.

Mbadwo wa Keyala watsala pang'ono kutha, ndipo amene akukhala pa mipando yakutsogolo tsopano ndi asilikali a Malawi yodzilamulira. Awa ali ndi penshoni, zimene agogo awo adalibe, ngakhale kukwera mitengo kwa zinthu kumaidya isanafike pakati pa mwezi. Msilikali amapuma akadali ndi mphamvu, ndipo mukayenda m'midzi ndi m'matauni mumupeza ali wapampando wa komiti ya sukulu, mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti, msungichuma wa mjigo, woyang'anira achitetezo a m'mudzi, munthu amene pa maliro amagawa ntchito kwa adzukulu zinthu n'kuyenda mwadongosolo. Ena amalondera pa mageti a makampani usiku wonse kuti ana amalize sukulu. Ntchito zimenezi sizilembedwa pa chipilala chilichonse, ndipo pa mwambo wa Novembala sizitchulidwa. Ndikuona kuti zikadayenera kutchulidwa, ndipo malo ake ndi kwa mfumu, ku tchalitchi ndi ku khonsolo, mwini wake ali pomwepo akumva.

Zambiri zimene tikudziwa za nkhondo yoyamba ya padziko lonse, imene makolo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya, kuchokera pakamwa pa eni ake tidazipeza chifukwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Melvin Page, amene ankaphunzitsa mbiri ku Chancellor College, adayenda ndi ophunzira ake m'midzi kukacheza ndi asilikali akale ndi a tengatenga amene adali akadali moyo. Buku lake la The Chiwaya War lidatuluka mu 2000, ambiri mwa amene adacheza nawo atapita kale. Mnyamata amene adali ndi zaka 25 akulondera njanji ya ku Nacala mu 1987 lero wadutsa zaka 60. Ali ku Ntcheu, ku Rumphi, ku Machinga, akukumbukirabe maina a anzake amene adatsala kumeneko ndi malo amene adagwera, ndipo mwana wa sekondale aliyense wokhala ndi foni angathe kukhala naye pansi masana amodzi n'kujambula zonse zimene anganene.